Mbendera ya duku ndi phazi la malume

Anthu amati ine ndikagwira nkhani ndimaikoka ngati mphira wa legeni mpaka iduke. Chabwino, sindikana. Koma iyi ya malume anga ndiikoka pang'ono pokha, chifukwa pomwe inakafika sinafunenso mchere wanga.

Ndinkakhala nawo ku Barking, muno mu London, zaka zija aliyense anali ndi kafoni kopinda. Malumewo ndi alongo awo a mayi anga. Anathawa kumudzi kalekale, nthawi ija ukalota molakwika unkadzuka uli m'ndende, ndiye moyo wawo wonse wa kuno anaudyera pa chiwongolero. Anayendetsa takisi mpaka imvi mbuu. Atapuma ntchito, galimoto sanaisiye. Inali yaitali, yotuwa, yonunkhira polishi, ndipo Mmalawi aliyense wotsika ndege ankalandiridwa ndi imeneyo. Ndikukuuzani, theka la manesi a mu London muno linakhalapo pampando wakumbuyo uja, mano akugundana ndi kuzizira, thumba la ufa ndi usipa lili pamiyendo. Inenso ndinakhalapo. Kuyendetsa anandiphunzitsa okha pa kagalimoto kobwereka mpaka ndinatenga laisensi, koma yawoyo, ngakhale poitsuka, ankandiyang'anira ngati ndikusambitsa khanda la eni.

M'nyumbamo munalinso akazi awo, amene ndinkawaitana kuti anti, nesi wa mashifti osatha. Ndiye panali mwana wawo mmodzi yekhayo, msuweni wanga. Uyu anabadwira konkuno. Chichewa amamva chonse, ngakhale chonong'ona kuseri kwa chitseko, koma poyankha ndi Chingerezi basi. Ine mwachisuweni ndinkamutchula kuti mkazi wanga, iye n'kumati tsiku lina adzandiitanira apolisi. Chaka chimenecho anali atapanga chinkhoswe ndi mnyamata wa ku Zambia, ukwati n'kukonzedwa kuti udzachitikire kutchalitchi kwathu ku Tottenham kunja kukafunda.

Malume anali ndi mawu awo amene ankanena pa Khirisimasi iliyonse, mpaka ife tinkawatsogolera. "Mwana uyu ndinakamutenga ndekha kuchipatala ali kakhanda. Ndidzakamutulanso ndekha pakhomo la tchalitchi."

Ndiye m'mawa wina wa chisanu kapu ya tiyi inawapulumuka m'manja. Anti atangoona mmene pakamwa panakhotera, anaitana ambulansi asanavale n'nsapato zomwe. Sitiroko, mbali ya kumanja. Mulungu anatikomera mtima, kuyankhula kunabwerera, kuyenda kunabwerera, koma mwendo wakumanja unkafika pambuyo ngati mlendo woitanidwa mochedwa. Adokotala anati galimoto ayi, mpaka akayesedwe kaye. Anti anatifotokozera kayesedwe kake. Amakukhazika m'kagalimoto kopanda matayala, kutsogolo kuli magetsi. Getsi lofiira likayaka, phazi lichoke pa faya lipite pa buleki, ndipo makina amaona kuti lachedwa bwanji.

Tsiku limenelo patebulo malume anakankha mbale.

"Ngati mwana wanga sindimuyendetsa ine, ku ukwatiko mupite nokha."

"Abambo, musamayankhule choncho," anatero anti.

"Ndanena. Anthu onse adzakhale kumeneko ndinawanyamula ine. Ndiye adzandione ndikutsitsidwa ngati katundu?"

Msuweni wanga anaika foloko pansi. Ine poti pakamwa panga sipakhala chete, ndinati, "Usadandaule mkazi wanga, ukwati ukalephereka ine ndilipo." Sanandiopseze ndi apolisi. Anangodzuka n'kukadzitsekera kuchipinda. Pamenepo ndinadziwa kuti zavutadi.

Kutchalitchi malume anasiya kupita, ati sangaonedwe pa basi. M'mawa uliwonse ankavala jekete, kutsika, kukakhala m'galimoto ili poimika pomwepo. Ankaliza injini, manja pa chiwongolero, magalasi n'kuchita nthunzi mpaka osaonekanso. Aneba ankaganiza kuti ndi kazitape. Lamba anamuboola chibowo chatsopano, kenako chinanso. Msuweni wanga anasiya kupita kokayesa diresi. Ankati bambo ake akapanda kubwera iye sakwatiwa, pamene achibale a mwamuna anali atayamba kale kulongeza masutikesi ku Lusaka. M'nyumba monse munali zii ngati tikudikira thupi.

Ine nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa keya homu, nyumba yosamalira okalamba, basi imodzi kuchoka kwathu. Ndifotokoze kaye za mkono wanga. Mayi anga anandilera ndi ulemu wa chibonga kumbuyo. Wamkulu sumupatsa chinthu ndi dzanja limodzi, lamanzere ligwire chigongono cha lamanja, mawondo apinde pang'ono. Zinalowa m'magazi moti ndinkachita osadziwa. Agogo achizungu aja ndikamawapatsa tiyi ankaganiza kuti mkono wanga ndi wothyoka. Gogo wina mpaka anandilukira kansalu kokolekera.

Munali mdala wina wa pa wilutcheya, mawondo ake atatha ngati matayala a minibasi ya ku Ndirande. Alendo analibe. Pakhoma pake panali chithunzi cha mnyamata wovala zoyera ali m'malere, miyendo atapinda, mbendera ili pamwamba pa mutu, uku galimoto uku galimoto, utsi tolo.

"Pamenepa munkathawa chiyani, bwana?" ndinamufunsa tsiku lina ndikumumeta ndevu.

"Sindikuthawa, mwana iwe. Ndikuyambitsa mpikisano."

Ndiye anamasuka. Ati nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, kunja kwa tauni kunatsala mabwalo a ndege opanda ntchito. Anyamata openga ndi mainjini ankapita kumeneko kumapeto kwa sabata. Galimoto ziwiri zokha, msewu wowongoka, waufupi, palibe kukhota, wofika msanga kumapeto wapambana. Poti msewuwo ndi waufupi, mpikisano unkathera poyambira pomwepo. Wochedwa kunyamuka ndi kuphethira kumodzi kwa diso, wadyedwa kale, kaya injini yake ndi ya ndege. Iyeyo ndiye ankaima pakati pa galimoto ziwirizo. Kuloza mbendera kwa uyu, uyu agwedeze mutu. Kuloza kwa uyo, nayenso agwedeze. Kenako kuitsitsa pansi, kudikira, kudikira, n'kudumpha nayo m'mwamba. Iye anati ankadumpha kulekeza m'chiuno mwa munthu. Ine ndikamafotokozera anthu ndimati ankaona dziko la France.

"Kenako anabweretsa mtengo wa magetsi wochokera ku America," anatero. "Achikasu amayaka motsatana kutsika m'munsi, kenako lobiriwira. Ukanyamuka nthawi isanakwane, lofiira limakuyalutsa pamaso pa anthu. Ntchito yanga inathera pomwepo."

Ndinafuna kufunsa kuti anamuchotseranji munthu wodumpha bwino chonchi, koma belu la chipinda china linalira. Ndinangofunsa chomwe chinkandiwawa.

"Nanga phazi lochedwa, limaphunzira?"

"Limaphunzira. Anyamata aja ankayeserera ngakhale ali patebulo."

Madzulo ake ndinafika kunyumba ngati mneneri. Ndinatenga ambulera n'kumangirira duku lofiira la anti kunsonga. Pansi, patsogolo pa mpando, ndinaika chitini cha nyemba, imeneyo faya. Pambali pake kabakha kapulasitiki kolira kamene mwana wa aneba anaiwala kwathu, imeneyo buleki. Azungu aja ankaphunzira kunyamuka, ife tinkafuna kuima, koma phazi ndi lomwelo.

"Iwe, ukundiyesa mwana wa ku nazale?" anatero malume.

"Ayi malume, ndi mmene amachitira akatswiri a mpikisano. Ndikagwetsa dukuli, inu pondani bakha."

Anandiyang'ana, anayang'ana bakha, n'kukhala pansi. Munthu akamira amagwira ndi udzu womwe.

Masiku oyamba zinali zomvetsa chisoni. Ndinkagwetsa duku, lifike pa kapeti, ndipite kukitchini, nditereke tiyi, ndiimbe foni kumudzi, pobwera m'pamene bakha akuti kwiii. Chabwino, foniyo ndawonjeza. Koma malume ankatuluka thukuta, akutukwana mwendo wawo ngati wantchito waulesi. Tinkachita m'mawa ndisanapite ku shifti, ndikaweruka tinkachitanso.

Kenako zinasintha. Bakha anayamba kulira duku lisanafike pansi. Posakhalitsa ankalira lisanafike n'pabondo langa pomwe. Tsiku lina ndinamva ngati walira ambulera isanagwedezeke n'komwe, ndipo ndinavina pabalaza mpaka a fulati yapansi anagogoda denga lawo ndi tsache. Malume anayamba kudya, kupempha n'kowonjezera. Ankaimba nyimbo za kwaya kubafa. Msuweni wanga anabwerera kwa telala, n'kundiopsezanso ndi apolisi, ine mtima m'malo. Anti okha ndi amene ankaonerera ataima pakhomo, akumwetulira ndi pakamwa pokha. Maso aunesi aja ankakhala pa mwendo, umene popita kubafa unkakokedwabe pansi.

Tsiku loyesedwa tinapita awiri, sitima kenako basi, malume ali mu suti. Ine ndinatsala pa benchi panja. Ndinali nditakonza kale nkhani yokauza anthu kutchalitchi, yoti makina anapsa chifukwa cha liwiro la phazi. Chitseko chitatseguka, malume anatuluka nkhope ili ngati phulusa. Mayi amene anawayesa anali waulemu ndithu. Anati phazi likuchedwabe kwambiri, apitirize mafizo olimbitsa mwendo, adzabwerenso chisanu chikadzayamba. Ukwati n'kuti utatsala pafupi.

Pa basi, titawoloka maloboti angapo, malume anatembenukira kwa ine.

"Makina aja ndi abodza."

"Malume..."

"Kunyumba ndimaponda duku lisanafike pabondo. Iwe suona?"

"Ndimaona, malume."

"Ndiye?"

Titangolowa m'nyumba, asanavule n'jekete lomwe, anati nditenge ambulera. Ndinagwetsa. Kwiii, ngati mphezi. Ndinagwetsanso. Kwiii.

"Mwaona nonse? Maso muli nawo? Chigamulo chawocho akhale nacho. Mwana wanga ndimuyendetsa ine."

Apa ndiye zinaipiratu kuposa poyamba. Kuchoka ku Barking kupita ku Tottenham umadzera msewu waukulu uja wozungulira, wa malole osadziwa Mulungu, pomwe wakutsogolo amaponda buleki osakutsanzika. Anti anabisa makiyi mufiriji, pansi pa nsomba zouma ndi ayezi. M'mawa mwake tinamva injini ikulira panja. Anali ndi ena mu sokosi, ndipo ndikukhulupirira kuti enanso anawameza.

Anti anandipanikiza kukitchini, mawu ali pansipansi.

"Iwe ndi bakha wakoyo mundiphera mwana."

"Anti, ine ndimafuna kuthandiza."

"Ndikudziwa. Ndiye thandiza. Mwendo uja sunachire, ine ndimaona. Koma chimene chikuchitika pabalaza paja sindikuchimvetsa."

Inenso sindinkachimvetsa. Ndikatseka maso ndinkaona diresi loyera pansi pa lole. Kuntchito ndinathira shuga mu supu ya gogo wina, iye n'kuyamikira kuti lero aphika bwino.

Mdala wa mbendera uja anaona kuti nthabwala zandithera. Ndinamufotokozera zonse, za bakha, za makina, za ukwati. Atamva zonse anati, "Tandionetsa mmene umachitira."

Ndinamangirira thaulo ku ndodo yoyendera. Iye anatukula dzanja pamwamba pa chogwirira cha wilutcheya, ati imeneyo ndiye buleki yake. Ndinaima patsogolo pake, n'kugwetsa. Phaa! Dzanja linamenya thaulo lisanayambe n'ulendo womwe. Ndinabwereza. Phaa! Munthu woti supuni kuchoka m'mbale kukafika pakamwa imagona panjira. Anaseka mpaka kutsokomola, ine n'kumamusisita pamsana.

"Ukundiuza wekha, mwana iwe! Dzanja lako lamanzere limapita kuti usanagwetse?"

Ndinayang'ana. Linali pa chigongono. Mawondo anali atapinda.

Ndinkati ndikafuna kugwetsa chinthu pamaso pa wamkulu, thupi linkayamba lapepesa kaye. Dzanja pa chigongono, kabondo pansi pang'ono, kenako duku. Malume sankaona duku ayi. Ankaona ulemu wanga ukubwera chapatali, phazi n'kuyamba ulendo nthawi ikadalipo.

"Chimene anandichotsera ine n'chimenecho," anatero mdala uja akupukuta misozi ya kuseka. "Madalaivala ochenjera sankayang'ana mbendera. Ankayang'ana bondo langa. Ena phewa. Panali wina ankayang'ana pakhosi panga, ndikangomeza mate iye wapita. Ndinayesa kusintha kadumphidwe, amandiwerengabe. Getsi lilibe bondo. Tsopano pisa dzanjalo m'thumba, uime chilili, undiyang'ane m'maso."

Ndinatero, ngakhale thupi lonse linkanyansidwa. Ndinagwetsa. Thaulo linafika pansi, linapuma, kenako phaa.

Iye sanasekenso. "Amalume akowo asayendetse," anatero.

Kunena n'kosavuta ukakhala mzungu wa pa wilutcheya. Ine ndikayambire pati kuuza munthu amene anandilandira pa eyapoti, amene ndimadya zake, kuti phazi lake ndi lakufa ndipo chimwemwe chake chonse ndi maleredwe a mlongo wake? Ndinati ndingowaonetsa. Madzulo ndinatenga ambulera, n'kupisa dzanja m'thumba.

"Chotsa dzanja m'thumba! Waima pamaso pa ndani?"

Dzanja linatuluka lokha, silinandifunse n'komwe. Linakatera pa chigongono. Kwiii.

Ndinauza anti. Anti anauza malume mofatsa, ndi mawu a m'Baibulo omwe. Malume anati akazi ndi ana apangana zowalanda galimoto. Tinatuma mkulu wa mpingo, munthu wa mawu ngati bingu pa guwa. Anabwera, anamwa tiyi, anakamba za nyengo ndi za mpira, n'kutsanzika. Nayenso paja anafika m'dziko lino pampando wakumbuyo uja.

Tsiku la ukwati linacha ndi dzuwa, chinthu chosowa kuno. Galimoto inali itamangidwa maliboni oyera, ikuwala ngati galasi. Malume anali atakhalamo kale pa chiwongolero tisanadzuke, suti, duwa pachifuwa, chitseko chokhoma. Panja panadzaza amayi a kutchalitchi mu zitenje zofanana, azibambo mu masuti, aneba pa mawindo. Aliyense ankadziwa nkhani yonse. Aliyense ankayang'ana nsapato zake.

Msuweni wanga anatsika masitepe atanyamula diresi m'manja kuti lisade. Nthungululu zinayamba, n'kuzima zokha. Panali galimoto ina ya mnzake yokonzeka pakona, anti anali atamunong'oneza kale kuti akwere imeneyo. Iye anaima, anayang'ana mayi ake, anayang'ana ine. Kenako anagogoda pagalasi la bambo ake, anamutsegulira, n'kulowa kumbuyo. Ndipo ndinamva ndi makutu angawa, m'Chichewa chopindika ngati cha wansembe wachizungu:

"Adadi, tiyeni."

Anti anagwira pakamwa. Injini inalira.

Mmene ndinakwerera masitepe kukatenga ambulera sindikumbuka. Ndimauza anthu kuti pobwera ndinadumphira pawindo. Chomwe ndikudziwa n'choti ndinapezeka ndaima kutsogolo kwa boneti, mu suti yobwereka yolekeza m'akakolo, ambulera ya duku ili m'manja.

Malume anatsitsa galasi. "Choka apo, iwe."

"Malume, kamodzi kokha."

"Ndikugunda."

"Ndigundeni, tiphatikize maliro ndi ukwati. Chakudya chilipo kale."

Wina anaseka kumbuyo n'kudzibweza msanga.

"Zimitsani injini, malume. Phazi pa faya. Anti aime kumbuyo aone magetsi a buleki. Akayaka duku lisanakhudze pansi, ndichoka, ndipo ndikakutsegulirani ndekha geti la tchalitchi."

Anayang'ana khamu lija. Ndinaona kuti zawasangalatsa. Anthu onse amene ankawanena kumbali aone okha tsopano.

"Mwamva nonse zimene wanena mwanayu?" anakuwa. Injini inazima. Anti anapita kumbuyo, nsapato zikugogoda pa tala.

Ndinakweza ambulera ndi dzanja limodzi. Lamanzere ndinalipisa m'thumba.

"Hii!" anatero amayi ena. "Mwana wa ndani ameneyu?"

"Chotsa dzanja m'thumba," anatero malume.

"Pepani malume. Lero ayi."

Ndinagwira nsalu ya m'kati mwa thumba mpaka ndinamva ikung'ambika. Mawondo ndinawaumitsa gwa. Ndipo ndinawayang'ana m'maso, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chibadwire. Pamenepo ndinaona ndekha zimene mdala uja ankanena. Maso a malume sanali pa duku. Anatsikira pa chigongono changa, n'kukhala pamenepo, kudikira. Anapita pa bondo. Anabwerera pa chigongono.

Ndinagwetsa.

Duku linatsika, linagona pa tala. Kamphepo kanaligwedeza. Kenako m'pamene kuwala kofiira kunaoneka pa siketi ya anti.

Ngakhale njiwa zinasiya kuyenda.

"Sindinakonzeke," anatero malume. Mawu anali aang'ono. "Bwereza."

Pangano linali la kamodzi, koma ndinakweza. Ulendo uno anayang'ana duku lenilenilo, nsagwada atalumanitsa, manja ataumira pa chiwongolero. Ndinadikira mpaka mkono unayamba kuwawa. Ndinagwetsa. Ndinaona phewa lawo likulimbana, thupi lonse likukoka mwendo uja ngati akuzula chinangwa pouma. Duku linali pansi kalekale pamene anti anatseka maso n'kupukusa mutu.

Ine misozi inali ikutsikira m'kolala, dzanja likadali m'thumba long'ambika, nditaiwala kulitulutsa. Malume anakweza maso n'kuyang'ana pa kagalasi koonera kumbuyo. Anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Iye anatambasula dzanja n'kuwagwira paphewa, osanena kanthu m'chinenero chilichonse.

Ndinkaopa chinthu chimodzi, kuti atuluka, akwera masitepe, n'kukadzitsekera monga ananenera patebulo paja. Chitseko chinatseguka. Mwendo wakumanja anachita kuunyamula ndi manja kuti utuluke, wamanzere n'kutsatira. Anaimirira, anakonza jekete, anayang'ana khomo la fulati. Kenako anatembenuka n'kubwera kwa ine, pang'onopang'ono, nsapato imodzi ikukhwekhwereza.

Anatambasula dzanja lamanja, makiyi ali pachikhatho. Lamanzere linali litagwira chigongono.

Ndinagwada pa tala pomwepo, suti ya eni, n'kulandira ndi manja awiri.

"Ukaikanda," anatero, "ubwerera kumudzi wapansi."

Anazungulira boneti n'kukakhala pampando wa pambali pa dalaivala, umene chigulireni galimotoyo anali asanakhalepo. Nthungululu zimene zinaphulika pamenepo zinamveka mpaka ku Wembley, ndipo apa sindikuwonjeza kwambiri.

Ulendo umenewo ndi umene unandikalambitsa. "Giya, iwe! Ukuyendetsa ngolo? Taona lole iyo! Usayandikire! Wachedwa! Wafulumira!" Pa maloboti aliwonse, getsi lachikasu likangoyaka, "Konzeka!" Lobiriwira lisanakhazikike n'komwe, "Layaka, ukudikira akuitane ndi dzina?" Msuweni wanga kumbuyo ankaseka ndi kulira nthawi imodzi, zopakapaka zonse zikutsikira kuchibwano. Ndinamuyang'ana pa kagalasi.

"Mkazi wanga, mpata womaliza uwu. Ndikhotere ku eyapoti?"

Anati akangomaliza kulumbira aitana apolisi.

Pakhomo la tchalitchi malume sanalole munthu wina kukhudza chitseko chakumbuyo. Anatsika okha, anachitsegula okha, anapereka mkono wamanzere, n'kumulowetsa mwana wawo pang'onopang'ono, oimba akubwereza vesi kuti awadikire.

Lolemba ndinakafotokozera mdala wa mbendera zonse, ndi mchere wokwanira. Anandifunsa chinthu chimodzi chokha, ngati ndinadumpha. Nditati ayi, anati ndiye sindinayambe ntchito.

Za chigongono chija timatsutsanabe ndi anti. Iwo amati mkono wakumanja unali wofooka, makiyi akanagwa, n'chifukwa chake anauchirikiza. Ine ndimauza aliyense kuti malume anga, munthu amene ananyamula theka la London, anandipatsa ine ulemu pamaso pa mpingo wonse. Tsiku lina ndikuwayendetsa kupita ku mafizo, titaima pa maloboti, ndinalimba mtima n'kuwafunsa kuti zoona n'ziti.

"Yang'ana kutsogolo," anatero. "Layaka."